Batani limodzi lokha, ntchito ya zaka n'kupita

Pamalo ochitira malonda ngati Mponela, Lizulu, Jenda kapena Luchenza sipalephera kupezeka kachipinda kokhala ndi kompyuta ndi pulinta. Ndi mmene anthu amakatayipitsa makalata ofunsira ntchito, makadi a ukwati, ndondomeko za mwambo wa maliro ndi mayeso a ana asukulu. Khomo loyandikana nalo pamakhala mnyamata woika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni a anthu.

Ambiri mwa makompyutawa ndi akaunjika. Adagwira kale ntchito m'maofesi a maiko akunja ndipo adafika kuno atakula kale. Makinawo ngolimba ndithu. Chomwe chakalamba ndi pulogalamu yaikulu yowayendetsa, imene pa Chingerezi amati operating system.

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft idasiya kusamalira Windows 10, monga idachitira ndi Windows XP mu 2014 komanso Windows 7 mu 2020. Sikuti makompyuta adazima tsikulo ayi. Amayaka ngati kale, koma mipata yatsopano imene akuba a pa intaneti amaitulukira sitsekedwanso, kupatula kwa omwe adalembetsa ku ndondomeko yapadera imene kampaniyo idaika yowonjezera chaka chimodzi. Zili ngati nyumba imene mwini wake wasiya kukonza maloko.

Windows 11, yomwe idatuluka mu 2021, ndi yosankha. Imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, moti makina ambiri opangidwa chisanafike chaka cha 2018 imawakana. Mwini kompyuta yotere akadandaula, kawirikawiri pamapezeka mphwake kapena mnzake wodziwako zinthu amene amamuuza kuti aike Linux, poti ndi yaulere ndipo imayenda bwino pa makina akale.

Malangizowo si abodza. Linux idayambitsidwa mu 1991 ndi Linus Torvalds, yemwe panthawiyo adali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, ndipo aliyense amene ali ndi foni ya Android akuigwiritsa kale ntchito mosadziwa chifukwa Android idamangidwa pa maziko a Linux. Mtundu wake wotchuka wa Ubuntu udatuluka mu 2004 ndi ndalama za Mark Shuttleworth, mpondamatiki wa ku South Africa, ndipo dzinalo ndi liwu la Chizulu ndi Chixhosa lomwe kuno timati umunthu. Mpaka mu 2011 kampani yake ya Canonical inkatumiza ma CD a Ubuntu papositi kwaulere kwa aliyense wopempha. Palinso Linux Mint, yomwe idayamba mu 2006. Oyamba kumene ambiri amaikonda chifukwa maonekedwe ake sasiyana kwambiri ndi Windows.

Chimene mphwake uja amaiwala kunena n'chakuti ola loikira Linux ndilo ola loopsa kwambiri pa moyo wa kompyutayo.

Ngozi imayambira pa fulashi. Kuti munthu aike Linux, amayamba waitsitsa pa intaneti, ndipo bandulo imapita ndithu: Mint ndi pafupifupi 3GB pomwe Ubuntu wa 2024 amafika pafupifupi 6GB. Kenaka amaiika pa fulashi pogwiritsa ntchito pulogalamu ngati Rufus. Pulogalamuyi imafufuta zonse zomwe zinali pa fulashiyo. Munthu wa fulashi imodzi yokha, amene adakopera mafayilo ake ofunika pomwepo poganiza kuti wasunga, amakhala wataya nkhokwe yake ulendo usanayambe n'komwe.

Kenaka kompyuta ikayaka kuchokera pa fulashiyo, pamabwera mafunso angapo osavuta: chilankhulo, kiyibodi, dera la nthawi. Munthu amazolowera kungodina batani lopitira patsogolo. Pakati pa mafunso osalakwawa pali limodzi lofunsa kuti Linux ikhale pati. Njira ina imati ikhale pambali pa Windows, ziwirizo zigawane malo. Ina imayamba ndi mawu akuti "Erase disk", kutanthauza kufufuta hard disk yonse.

Apa ndi pomwe ambiri amagwera. Amisiri ambiri poika Windows amagawa hard disk pawiri, C ya mapulogalamu ndi D ya mafayilo a mwini wake, ndipo amamutsimikizira kuti ngakhale Windows itafa, za mu D sizikhudzidwa. Mwini kompyuta amakhala zaka akukhulupirira kuti ali ndi ma disk awiri. Koma mkati mwa makinawo muli disk imodzi yokha, C ndi D ndi zipinda chabe za nyumba imodzi. Linux siidziwa zilembo zimenezi. Ikauzidwa kufufuta disk imagwetsa nyumba yonse, zipinda zonse ziwiri pamodzi. Chenjezo limalembedwa ndithu pa sikirini, koma m'Chingerezi cha amisiri chonena za ma partition, chimene munthu wamba sangachigwirizanitse ndi zithunzi za chinkhoswe cha mwana wake kapena kaundula wa ngongole za banki m'khonde. Safunsa adadya phula.

Chomvetsa chisoni n'chakuti woyamba kumene sazindikira msanga kuti wataya kanthu. Masiku oyamba amatanganidwa ndi mavuto ena.

Amatenga fulashi ya mapulogalamu imene wakhala akuidalira, n'kudina pa fayilo yothera ndi .exe, koma palibe chochitika. Mafayilo amenewo ndi a Windows. Pa Linux mapulogalamu amatengedwa ku sitolo ya mkati momwemo, yomwe pa Mint imatchedwa Software Manager, monga momwe zikhalira ndi Play Store pa foni. Ndi zaulere, koma zimafuna intaneti. Ndipo pa malaputopu ena, makamaka okhala ndi Wi-Fi ya Broadcom, Wi-Fi siigwira mpaka munthu atatsitsa pulogalamu yoiyendetsa, imene imapezekanso pa intaneti pomwepo. Njira yotulukira pamenepa ndi kulumikiza foni ku laputopu ndi chingwe chotchajira n'kuyatsa USB tethering, kuti laputopu ibwereke intaneti ya foni.

Microsoft Word, Photoshop ndi CorelDRAW alibe mitundu yopangidwira Linux. M'malo mwake muli LibreOffice yolembera ndi kuwerengetsera, GIMP ya zithunzi ndi Inkscape ya zojambula. LibreOffice imatsegula makalata a Word bwinobwino, kungoti zilembo ngati Calibri sizikhalamo, ndiye kalata imene inali tsamba limodzi ikhoza kusefukira pa tsamba lachiwiri, khadi la ukwati n'kupotoka. Kwa munthu amene amalipiritsa potengera masamba, imeneyi si nkhani yaing'ono. Mapulinta ena amagwira akangolumikizidwa, pomwe ena, monga Canon LBP2900 yotchuka ija, amafuna thukuta. Wa bizinesi yotayipa ayenera kuyesa pulinta yake Linux ikuyendera pa fulashi, asanaike chilichonse, chifukwa fulashiyo imalola kuyesa popanda kukhudza hard disk.

Pali kanthu kenanso koseketsa. Pa mitundu ina ya Linux, munthu akamalemba password pa zenera lakuda lotchedwa terminal sipaoneka chilichonse, ngakhale timadontho. Ambiri amayesa kiyibodi yafa. Imakhala ili bwinobwino, n'kubisa chabe.

Tsiku lachitatu kapena lachinayi, kasitomala akabwera kudzafuna kalata yake ya chaka chatha, m'pamene mwini kompyuta amayamba kufunafuna D. Ndipo m'pamene masiku atatu aja amasanduka mlandu.

Nkhani yake ili motere. Kompyuta ikafufuta fayilo, kapena ikafomata disk mwachangu, siipukuta zomwe zidalembedwa. Imangong'amba kaundula wosonyeza kuti fayilo yakuti ili pakuti, n'kulengeza kuti malowo ndi opanda mwini. Zili ngati munda umene malire ake azulidwa koma chimanga chikadali chiimire. Chimangacho chimaonongeka pokhapokha wina akabwera kudzalima pomwepo. Pulogalamu iliyonse imene munthu waika, filimu iliyonse imene watsitsa, ngakhale kungotsegula intaneti, zonsezi zimalemba pa disk, ndipo chilichonse cholembedwa chikhoza kugwera pamwamba pa fayilo yakale. Yomwe yalembedwa pamwamba yapita basi, palibe mmisiri angaibweze.

N'chifukwa chake chinthu choyamba munthu akazindikira kuti wataya mafayilo ndi kuzimitsa kompyuta. Asaikenso Windows poganiza kuti D ibwerera, chifukwa kumeneko n'kulima kachiwiri m'munda womwewo. Asatsitsirenso pulogalamu yobwezera mafayilo pa disk yomweyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Fulashi ya Linux ija, yomwe idabweretsa tsoka, ndi imenenso imathandiza. Kompyuta ikayatsidwa kuchokera pa fulashiyo osadina zoika, hard disk imakhala chete, ndipo munthu angathe kuifufuza ndi mapulogalamu awiri aulere, TestDisk ndi PhotoRec, omwe adalemba ndi Christophe Grenier wa ku France. TestDisk imasaka zipinda zomwe zidagwetsedwa, ndipo mwayi ukakhalapo imapeza D ndi mafoda ake ndi maina ake. Zikakanika, PhotoRec imayenda pa disk yonse kuyambira koyamba mpaka kumapeto, n'kumatola chilichonse chooneka ngati chithunzi, kalata, nyimbo kapena kanema. Imadziwa mitundu ya mafayilo yoposa 400. Zonse zotoledwa ziyenera kusungidwa pa disk ina yapadera yokhala ndi malo okwanira, ngakhale yobwereka.

Ntchitoyi imatenga maola ambiri, nthawi zina usiku wonse, choncho ndi bwino kuiyamba pomwe magetsi akudalirika. Zotsatira zake sizibwera mwadongosolo. PhotoRec siibweza maina, ndiye kalata imene inali ndi dzina la mwini wake imabwera ndi chilembo f chotsatana ndi manambala, itasakanikirana ndi tizithunzi zikwizikwi ta pa intaneti. Kusankha mpunga ndi mankhusu kumatenga masiku. Koma Linux yatsopano imadya gawo laling'ono chabe la disk ya 500GB, ndiye amene wazimitsa msanga amapulumutsa zambiri.

Zonsezi zikukhudza hard disk yakale, yokhala ndi mbale yozungulira mkati. Makina okhala ndi SSD ndi nkhani ina. SSD imauzidwa malo omwe atayidwa kudzera m'lamulo lotchedwa TRIM ndipo imawayeretsa yokha, moti ikafomatidwa mwayi wobweza kanthu umakhala wochepa zedi. Mwini kompyuta yotere chitetezo chake n'chimodzi: kukopera mafayilo pa disk ina asanayambe, kutsegula angapo kuti aone ngati akopedwadi, kenaka kuzula diskyo n'kuiika kutali.

Si mafayilo onse osowa amene afufutika. Pali vayirasi yofala m'mafulashi imene imabisa mafoda n'kusiya timivi ta shortcut m'malo mwake. Anthu ambiri amafomata fulashi yotere chifukwa chotaya mtima, chonsecho mafayilo adali pomwepo. Ikalowetsedwa pa kompyuta ya Linux, nthawi zambiri mafodawo amaoneka, ndipo vayirasi ya Windows siitha kugwira ntchito kumeneko.

Amene sangathe kuchita izi yekha angapite kwa mmisiri, koma anene poyera kuti akufuna mafayilo, osati kompyuta yoyaka. Mmisiri wofulumira akamva kuti makina avuta, chizolowezi chake ndi kufomata n'kuikamo Windows, ntchito ya ola limodzi. Mtengo agwirizane ntchito isanayambe. Ndipo ngati n'kotheka mwini wake akhale pomwepo, chifukwa PhotoRec siisankha: imafukula zithunzi za ziphaso, makalata a kuchipatala, zinthu zomwe munthu adafufuta dala zaka zapitazo, nthawi zina ngakhale za mwini wake woyamba wa kompyutayo kutsidya la nyanja.