Kugula Nyumba ya Sola: Ndalama Zimatsata Dzina Lolembedwa

M'nkhani ino ndikufuna kufotokoza zimene munthu ayenera kudziwa pogula nyumba yomwe ili kale ndi magetsi a dzuwa, omwe ambiri timangoti sola. Ndine wa m'mbali mwa nyanja ku Salima, ndipo ndaona kuti ku Senga Bay ngakhale ku Chipoka wogulitsa nyumba amakweza mtengo akangoloza mapanelo ali padenga. Mfundo yanga ndi yakuti ndalama zokhudza sola, kaya zolandira kaya zolipira, zimatsata dzina lolembedwa papepala. Wogula amene sadasinthitse dzinalo amakhala ndi zipangizo zomwe mwalamulo si zake.

Sola idachuluka kwathu chifukwa cha kuthimathima kwa magetsi. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130. Eni nyumba ndi eni malo ogona alendo ambiri adathamangira kugula mapanelo ndi mabatire. Nyumba zina mwa izi ndi zimene zikugulitsidwa lero.

Pofuna kumvetsa nkhani ya dzina, tiyambe ndi chitsanzo cha ku Britain. Kuyambira mu 2010 boma la kumeneko lidakhazikitsa ndondomeko ya Feed-in Tariff yolipira eni nyumba chifukwa cha magetsi opangidwa padenga pawo. Ndondomekoyi idaleka kulandira anthu atsopano mu 2019, koma omwe adalembetsa kale amalandirabe kwa zaka 20 kapena 25. Nyumba ikagulitsidwa, mwini watsopano amayenera kupereka umboni ku kampani yolipira kuti mapanelo ndi ake tsopano. Akapanda kutero, ndalama sizimufika. Komanso eni nyumba ena adabwereketsa madenga awo ku makampani, kotero kuti mapanelo ndi ndalama zake n'za kampaniyo ngakhale nyumba itasintha mwini.

Kuno ku Salima chitsanzo chachikulu cha kugulitsa magetsi a dzuwa ndi malo a kampani ya JCM ku Nanjoka, omwe adatsegulidwa mu 2021 ndipo amapanga mamegawati 60. Magetsiwo amapita ku ESCOM potsata mgwirizano wolembedwa. Koma sola za nyumba zambiri za kunyanja zimangodzaza mabatire a pakhomopo. Choncho wogulitsa akanena kuti nyumba yake imabweretsa ndalama pogulitsa magetsi, wogula apemphe kuona mgwirizanowo ndi dzina lomwe lilipo.

Chimene chimasamuka kawirikawiri kwathu ndi ngongole. Mabanja ambiri amatenga sola kumakampani olola kulipira pang'onopang'ono kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Chipangizocho chimakhala ndi loko wa mkati, ndipo munthu akadumphitsa kulipira magetsi amazima okha. Mpaka ngongole itatha, katunduyo amakhala m'manja mwa kampani. Tiyerekeze kuti mphunzitsi wopuma pantchito wagula nyumba yotere ndi ndalama zake za penshoni. Patatha sabata ziwiri nyali zazima, wogulitsa wasamukira ku Lilongwe, ndipo nambala yolipirira ili pafoni yake. Mphunzitsiyo ayenera kumaliza ngongole ya mwini wake kapena kuona zipangizo zikuchotsedwa. Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Ndiye wogula achite chiyani? Poyamba, apemphe malisiti a mapanelo, mabatire ndi inveta, ndipo ayerekeze manambala a pamalisitiwo ndi olembedwa pazipangizo. Ngati pali ngongole, onse awiri apite kuofesi ya kampaniyo kuti ikamalizidwe kapena isinthidwe dzina ndalama za nyumba zisadaperekedwe.

Kachiwiri, kalata yogulitsirana itchule chipangizo chilichonse ndi chiwerengero chake. Mawu akuti "nyumba ndi zonse zili momwemo" ndi osakwanira, chifukwa batire ndi inveta n'zosavuta kunyamula usiku wosamuka. Kaya malowo ndi a lizi ndipo nkhani ikuyendetsedwa ndi loya, kaya ndi a makolo ndipo mboni ndi a mfumu, mndandanda wa zipangizo usasowe m'kalatamo.

Kachitatu, aitane katswiri wovomerezeka ndi bungwe la MERA kuti ayeze zonse. Mapanelo abwino amatha kugwira ntchito zaka zoposa 20, pomwe mabatire wamba amafooka pakangopita zaka zochepa, ndipo kutentha kwa kunyanja kumawafooketsa msanga. Mtengo wa nyumba uyenera kutsika ngati mabatire ali pafupi kutha. Ngati nyumbayo ilinso ndi mita ya ESCOM, dzina la pamitayo lisinthidwenso, ndipo afufuze ngati palibe ngongole yakale.

Pomaliza, ine ndikuona kuti nyumba ya sola ndi yoyenera kuigula, makamaka kwathu komwe dzuwa limaswa mtengo pafupifupi chaka chonse. Chofunika n'chakuti tsiku lolandira makiyi wogula alandirenso malisiti, kalata ya kampani yotsimikiza kuti ngongole idatha, ndi mapepala onse ali m'dzina lake.