Zotsatira za Magazi a Mwana Zimayenda Bwanji Popanda Galimoto?

Amayi anzanga, mwana wobadwa kwa mayi yemwe ali ndi HIV amayezedwa magazi akakwanitsa masabata 6. Namwino amadontheza magaziwo pa kapepala kapadera, akauma amapita pa njinga yamoto ku labotale yaikulu. Magazi amayendabe pamsewu, koma m'zipatala zambiri zotsatira zake zimabwerera kudzera pa netiweki. Tiyeni timvetse momwe zimachitikira.

Chilichonse chosungidwa mu kompyuta, kaya ndi kalata, chithunzi kapena lipoti, chimatchedwa fayilo. Kale, kuti fayilo ichoke mu kompyuta ina kupita mu inzake, ankalumikiza ziwirizo ndi chingwe chotchedwa serial. Uthenga unkadutsa m'chingwemo pang'onopang'ono, ngati anthu owoloka pa mlatho wa mtengo umodzi. Chingwecho sichinkayenera kupitirira mamita pafupifupi 15, choncho makompyutawo ankakhala pamalo amodzi. Pa liwiro lomwe linali lofala nthawi imeneyo, chithunzi chimodzi cha pafoni ya lero chikanatenga pafupifupi ola lathunthu.

Netiweki imalumikiza makompyuta ambiri nthawi imodzi, ngakhale ali m'maboma osiyana. Fayilo imagawidwa m'tizigawo ting'onoting'ono, kalikonse kolembedwa komwe kakuchokera ndi komwe kakupita. Tikafika, kompyuta yolandira imatisanjanso mu dongosolo lake, ndipo kena kakasowa m'njira kamatumizidwanso. Ndi momwenso malipoti a mwezi ndi mwezi a uchembere amafikira ku Unduna wa Zaumoyo kudzera mu DHIS2.

Kufulumira kumeneku kumapulumutsa moyo. Khanda lomwe lili ndi kachilombo limadwala msanga kuposa munthu wamkulu, ndipo kuyamba ma ARV mwachangu kumaliteteza.

Komabe netiweki imanyamula zomwe yapatsidwa basi. Dzina la mwana likalembedwa mosiyana pa kapepala ndi m'buku la kuchipatala, zotsatira zimafika koma mwini wake sapezeka. Choncho muzinena dzina limodzi nthawi zonse, muzinyamula buku la mwana, ndipo mukasintha nambala ya foni muziwauza anamwino. Pa tsiku lomwe mwauzidwa, bwererani mukamve zotsatira. M'miphakati mwathu, tiwalimbikitse amayi achitsikana kuchita zimenezi, ndipo wamantha timuperekeze.

Tisamalenso chinsinsi. Fayilo ikatumizidwa, yoyambayo imatsala komwe yachokera, ndipo aliyense woilandira angathe kuitumizanso kwina. Musajambule zotsatira za mnzanu n'kuziika pa gulu la WhatsApp, ngakhale cholinga chili chopempha mapemphero. Tingamupempherere popanda kuulula matenda ake.