Fesani Mpiru Chimanga Chisanalowe M'nkhokwe

Amayi anzanga, mwezi wa Epulo ndi wonyenga. M'munda nkhwani ili mbwee, chisoso ndi bonongwe zamera zokha, khwanya ndi chitambe sitizisowa, ndiye palibe amene amaganiza za dimba. Koma pofika Juni zonsezi zimakhala zauma. Ku sikelo tikafunsa mayi woyembekezera chomwe wadya dzulo, yankho limakhala nsima ndi tiusipa, basi. Tikatsegula chikope chake, m'kati muli mbee. Malungo ndi njoka za m'mimba nazo zimachepetsa magazi, inde, koma gawo la ndiwo lili m'manja mwanu. Masamba oti mudzadye mu Juni ndi Julayi muyenera kufesa tsopano, mukadali kukolola.

Nyengo yozizira ili ndi mbewu zake. Mpiru, repu, tchainizi, kabichi, anyezi ndi karoti zimakondwa nako kuzizira, pomwe bonongwe ndi therere lobala zimafuna kutentha, ndiye zisungireni Ogasiti. Inu a kumtunda kwa Dedza ndi Ntcheu samalani ndi tomato, chisanu cha m'bandakucha chimamuwaula.

Yambani ndi nazale. Bedi likhale mita imodzi m'lifupi kuti dzanja lizifika pakati osapondapo. Sakanizani dothi ndi manyowa owolerana bwino, chifukwa ndowe yaiwisi imawotcha mizu. Fesani m'timizere, osakwirira kupitirira sentimita imodzi, ndipo phimbani ndi udzu wouma. Mbewu ikangomera, chotsani udzuwo. Ambiri amalakwa apa: amauiwala, mbande n'kutalika zoyezuka ngati ulusi, kenaka n'kumadandaula kuti anawagulitsa mbewu yakale.

Pakatha masabata anayi, mbande zikakhala ndi masamba anayi kapena asanu, ziwokereni dzuwa litapendeka. Mpiru ndi repu zitalikirane masentimita 30, kabichi 60. Pakangodutsa masabata atatu kapena anayi muyamba kuthyola. Muzitenga masamba a m'munsi, kusiya nsonga kuti ipitirize kuphuka. Langizo lomwe ndimalikonda ndi ili: musafese paketi yonse tsiku limodzi. Fesani pang'ono masabata atatu alionse. Apo ayi, mpiru wonse udzakhwimira limodzi, mudzaugulitse motaya pamsika, sabata yotsatira pakhomo palibe ndiwo.

Thirirani m'mawa, ndipo yalani udzu kapena mapesi pakati pa mizere kuti chinyontho chisathawe. Ntchito ya keni ndi yolemetsa. Mayi amene mimba yakula asiyire bambo ndi achinyamata. Mpanda mangani musanawokere, poti mbuzi zikamasulidwa anthu atakolola sizifunsa mwini dimba.

Nsabwe zikayamba kuunjikana kunsi kwa masamba, yesani kaye kuzifikisa ndi zala kapena kuwaza madzi a sopo pang'ono. Mukapopera mankhwala a m'sitolo, werengani pa botolo masiku oyenera kudikira musanathyole, ndipo muwasunge. Kupopera lero n'kuphika mawa ndiko kudyetsa ana poizoni. Botololo lisakhale pomwe mwana angafike, komanso woyembekezera ndi woyamwitsa asagwire ntchito yopopera.

Dimba likhoza kuchita bwino, phindu n'kutayikira mu mphika. Tsukani masamba musanadule, phikani ndi madzi ochepa kwa kanthawi, ndipo soda musiyeni, amawononga mavitamini. Thiranimo nsinjiro kapena supuni ya mafuta, chifukwa popanda mafuta thupi limavutika kutenga vitamini A. Tomato kapena madontho a mandimu amathandiza kuti ayironi wa m'masamba alowe bwino m'thupi, pomwe tiyi amatsekereza. Dikirani ola limodzi mutadya musanamwe. Ndipo inu oyembekezera, mapiritsi owonjezera magazi a ku sikelo aja pitirizani kumwa ngakhale mpiru utadzaza dimba. Mimba imafuna ayironi wambiri kuposa yemwe mbale ya masamba ingapereke.