'Pick up': kutola, kunyamula kapena kugwidwa ndi apolisi?

Tiyerekeze kuti ndi Loweruka madzulo, muli pakhomo panu pa Migowi, kenaka foni n'kulira. Uthenga wachokera kwa mnzake wa mwana wanu amene adapita ku Limbe kukaoda katundu, ndipo wangolemba kuti: "Your son has been picked up."

Kodi mutereke madzi a nsima kuti mwanayo wapeza galimoto ndipo ali m'njira, kapena muyambe kubwereka ndalama yoyendera kuti mukamuone kupolisi? Zonse ziwiri n'zotheka, chifukwa m'Chingerezi mawu awiriwa, pick ndi up, akakhala pamodzi amasenza matanthauzo ambiri kuposa matumba a nandolo pa njinga ya kabaza.

Ambiri tidaphunzira ku pulayimale kuti pick up ndi kutola. Aphunzitsi ankagwetsa choko pansi, n'kuloza mwana kuti atole. Tanthauzo limenelo n'loona, koma ndi loyamba chabe.

Kuchokera pa kutola choko, mawuwa adafika pa kunyamula anthu. Woyendetsa galimoto akaima pa siteji n'kukweza munthu, Mngerezi amati wachita pick up. Galimoto yokhala ndi malo a katundu kumbuyo nayonso dzina lake n'lomwelo, ndipo ife tidangolipinda lilime n'kumati pikiapu. Akuluakulu a ku Phalombe akuidziwa bwino. Msewu wa Zomba, Jali, Phalombe mpaka Chitakale usadathiridwe phula, pikiapu ndiyo inkakhala basi, ambulansi komanso galimoto ya maliro. Anthu ankakhala pamwamba pa matumba, nkhuku zili m'miyendo, pofika nsidze zitafiira ndi fumbi.

Chosangalatsa n'chakuti ulendo woterewu tidautcha matola. Tamverani bwino liwulo: muli kutola momwemo. Mngerezi ndi Mmalawi adaona chinthu chimodzi, galimoto yotola anthu m'njira.

Koma kunyamulidwa kwina si kwabwino. Nyuzi zachingerezi zikalemba kuti munthu wachitidwa pick up ndi apolisi, ndiye kuti amutenga kukamufunsa mafunso kapena amumanga. M'nthawi ya chipani chimodzi, mawuwa ankanenedwa monong'ona. Jack Mapanje, yemwe adali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, adatengedwa motero ku Zomba mu 1987, ndipo adakhala ku ndende ya Mikuyu osazengedwa mlandu mpaka 1991. Amene adakula m'zaka zimenezo akamva pick up saganiza za matola.

Pali matanthauzo ena amene alibe chotola ndi manja. Dokotala ku chipatala cha Holy Family kapena cha John Chilembwe akauza namwino kuti "she is picking up", wodikirira matenda asadzidzimuke kuti wodwala wake akutolatola zinthu ngati wasokonezeka mutu. Uwo ndi uthenga wabwino: akupezako bwino. Komabe dokotala yemweyo akafunsa komwe wodwalayo adachita pick up matendawo, akufunsa komwe adawatenga, kaya ndi ku nyanja ya Chilwa kapena pa chitsime cha m'mudzi.

Pa msika namonso. Alimi a nandolo sadzaiwala 2017, pomwe dziko la India lidachepetsa nandolo wogula kunja ndipo mtengo kuno udagwa chagada. Mtengo wotero ukayamba kudzuka, a zamalonda amati ukuchita pick up. Koma a zanyengo akanena zomwezo za mphepo, ndiye kuti ikukula mphamvu, ndipo anthu okhala m'munsi mwa phiri la Michesi, amene adaona napolo wa 1991 ndi namondwe wa Freddy mu 2023, safuna kuuzidwa kawiri. Mawu amodzimodzi, kwa mlimi n'chimwemwe, kwa wa nyumba ya udzu ndi nkhawa.

Kuyankha foni ndi pick up. Wailesi kugwira siteshoni ndi pick up. Mnyamata amene wapita ku Johannesburg n'kubwerako akulankhula Chizulu osalowa m'kalasi, kapena wamalonda wa pa Chiringa amene watolako Chipwitikizi poyendayenda ku Milange, naye wachita pick up chiyankhulo. Lilipo tanthauzo linanso lokhudza abambo ndi amayi okumana ku malo omwera mowa, koma poti tsamba lino amawerenga ndi ana omwe, tingoti Chichewa nachonso chimadziwa za mkazi kapena mwamuna wongotola.

Ena amadandaula kuti Chingerezi n'chosokoneza dala. Ine sindikuvomereza. Ife tomwe timatero. Mlendo amene waphunzira kuti kugwira ndi kukhudza ndi dzanja amasowa chonena akamva za kugwira ntchito, kugwira mwendo popepesa, kapena kugwira njakata. Liwu la kutola lomwelo timalituma ntchito zambiri: mtolankhani satola nkhani pansi ngati mango, ndipo amene watola chikwama mwina sadaone chikwama chilichonse, wangochita mphumi. Kusiyana kwake n'kwakuti zathuzi tidayamwira, pomwe zachingerezi timaziloweza pa bolodi, liwu limodzi tanthauzo limodzi.

Vuto limene limadyetsa ana malikisi ndi lina. Amalawi ambiri timakataya kaliwu ka up, poganiza kuti n'kokometsera chabe. Timati "I will pick you at the stage" kapenanso "he is not picking my calls". Patokha timamvana. Koma pick ikakhala yokha nthawi zambiri imatanthauza kusankha kapena kuthyola, monga amathyolera tiyi ku Mulanje. Choncho wolonjeza kudzakunyamulani uja, m'makutu mwa mwini chiyankhulo, walonjeza kudzakusankhani kapena kudzakuthyolani.

Palinso lamulo la malo. Mutha kunena kuti "pick up the book" kapena "pick the book up", zonse n'zolondola. Koma mukachotsa dzina la chinthucho n'kuikapo it, him kapena her, kaliwuko kayenera kukhala pakati: "pick it up". Kulemba kuti "pick up it" ndi kulakwitsa.

Izi zingaoneke zazing'ono, koma kholo lililonse lomwe lidagulitsa mbuzi kuti lilipire fizi likudziwa kuti satifiketi ya MSCE siperekedwa kwa mwana amene walephera Chingerezi, ngakhale masamu ndi sayansi atakhoza bwanji. Mwana wanu akafika kuchokera kusukulu, mufunseni matanthauzo atatu a pick up. Akangotchula kutola kokha n'kukhala chete, dziwani kuti ntchito ikadalipo.

Nanga uthenga wa Loweruka uja? Musathamangire kulira kapena kutereka madzi. Imbani foni mufunse kuti wamutenga ndani. Ngati ndi dalaivala, tsukani mpoto. Ngati ndi apolisi, funsani polisi yake ndi nthawi yomwe amutengera, chifukwa gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu womangidwa akaonekere kukhoti pasadathe maola 48, kapena pa tsiku loyamba lomwe khoti latsegula ngati maolawo athera pa nthawi yomwe khoti silikugwira ntchito.