CIMANGA CA BOMA PA NJALA YA 1949: ANAYAMBA KUDYA NDANI?

Alimi anzathu, Boma likamagulitsa cimanga pa mtengo wotsika m'caka ca njala, ambiri a ife timangoyamikira mtengowo. Koma liripo funso lina loyenera kufunsa: kodi thumbalo liyamba kufika pa khomo la yani? Tiyeni tione umo zinayendera m'Nyasaland pa njala ya 1949.

Mvula inayamba kumapeto kwa 1948, koma inadula cimanga cikali cacing'ono, ndipo mmera unapserera m'minda. Tsokali linakula makamaka m'dera la Blantyre, monga ku Lunzu ndi ku Lirangwe. Bungwe la Maize Control Board, limene linali kugula cimanga kwa alimi pa mtengo wocepa, linapezeka liribe nkhokwe yokwanira. Boma la Bwanamkubwa Colby linaitanitsa cakudya kunja, koma cinabwera mocedwa, popeza ulalo wa njanji pa Chiromo unali utakokoloka ndi madzi m'caka ca 1948.

Cimangaco citafika, oyamba kuona phoso anali anthu a pa nchito: a m'Boma, a kunjanji ndi a m'minda ya Azungu, cifukwa mabwana ao anali kuwagulira cambiri nthawi imodzi. Kumidzi cinali ca malonda. Tsono mtengo ungatsike cotani, munthu wopanda khobidi m'dzanja angoyang'ana ndi maso. Anthu anagulitsa mbuzi ndi nkhuku zao motaya. Amuna anapita kukasuma ku Ncheu ndi ku dziko la Apwitikizi, ndipo ena sanabwerenso.

Amene anasauka koposa ndiwo akazi otsala ndi ana pakhomo. Ogawa cakudya caulere anali kuganiza kuti mkazi wa pabanja amdyetsa ndi mwamuna wace, cinkana mwamunayo anacoka kale osatumiza kanthu. Ife tiona kuti apa mpamene muyeso unapotoka kwambiri, pakuti m'midzi ya cikamwini ya kumeneko mwini munda ndi nkhokwe ndiye mkaziyo.

Tisaiwalenso mlimi wa ku Cigawo ca Pakati, amene pa zaka za dzinthu anali kugulitsa cimanga cace ku Bungwe lija pa mtengo wosasangalatsa. Mtengo wotere sunampatse mtima wokuza munda, ndipo njala itagwa cotsala cinali cocepa.

Misasa yodyetseramo ofooka inatsegulidwa kumayambiriro kwa 1950, anthu atatha kale mphamvu. Boma linalemba kuti anafa ndi njala anali ngati 200, osawerengera aja anatengedwa ndi nthenda thupi litafooka.