Zaka za Munthu Zikatsalira pa Wikipedia



Tiyerekeze kuti mphunzitsi wa ku Embangweni anatsegula Wikipedia pa 7 Julaye 2024, kufuna zaka za munthu wotchuka wobadwa pa 6 Julaye 1964. Tsamba linati 59, chonsecho mwiniwake anakwanitsa 60 dzulo lake. Kodi chinalakwika nchiyani?

Pa masamba ambiri zakazo sizilembedwa pamanja. Makina ndiwo amaŵerengera kuchokera pa tsiku lobadwa. Koma pofuna kutumikira anthu msanga, makinawo amasunga tsamba lokonzakonza m'nkhokwe yotchedwa cache, namagaŵira oŵerenga lomwelo. Tsono nthaŵi zina mumalandira mkute.

Mankhwala ake ndi aŵa. Poyamba tsegulaninso tsambalo, pakuti mwina foni yanu ndiyo yasunga lakale. Zikakanika, lembani ?action=purge kumapeto kwa keyala ya tsambalo, ndi kuvomereza; makina aŵerengeranso mwatsopano. Zikapanda kusintha, mwina wina analemba zakazo pamanja, ndipo tsambalo lifunika kukonzedwa.

Aphunzitsi, musanalembe pa bolodi, yambani mwaŵerengera nokha, osaiŵala mwezi ndi tsiku lobadwa, kuopa kuphunzitsa ana zolakwika. Tsalani bwino.