Garu Wopanda Mbuye

Ana inu, tsiku la msika pa Nsaru, pa Namitete kapena pa Mpingu, tayang'anani kuseri kumene aphera mbuzi, ndi pa dzala pamene ataya zinyalala. Mudzaona agaru oonda, a nthiti zowerengeka, mcira uli pakati pa miyendo. Munthu akawerama kuti atole dengu lace, iwo athawa, pakuti ayesa kuti alikutola mwala. Amenewa ndiwo agaru opanda mbuye. Lero tiphunzira kumene acokera, ndi umo munthu angalandirire mmodzi wa iwo pakhomo pace, wosaika moyo wace ndi wa abale ace m'tsoka.

1. Kumene Acokera

Garu sali nyama ya m'thengo monga nkhandwe kapena fisi. Makolo athu anakhala naye kuyambira kale lomwe: anamka naye ku uzimba, iye nalonda mudzi usiku, napitikitsa anyani ndi nguluwe m'minda. Cifukwa cace mukaona garu wosowa kwao, dziwani kuti alipo munthu amene anamtaya, kapena anataya amace.

Njira zace nzambiri. Garu wamkazi akhala ndi bere masiku ngati 63 okha, ndipo akhoza kuswa kawiri pa caka. Mwini wace, pakuona kuti sangathe kudyetsa ana onsewo, awaika m'thumba, nakawasiya kudambo. Ena asiyidwa ndi anthu osamuka, monga anchito a m'minda ya fodya amene abwerera kwao fodya atagulitsidwa. Ena athawa okha cifukwa ca njala ndi ndodo, makamaka m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene cimanga catha m'nkhokwe ndipo mkute sutsala mumphika. Enanso agulidwa ali tiana m'mbali mwa mseu ku Lilongwe, ndipo atakula, wogulayo atopa nao.

Cotero mlandu suli pa garu. Akaba mazira, ndi njala. Akakuonetsani mano, kawirikawiri ndi mantha. Kumponya miyala sikucotsa njala yace kapena mantha ace, kungomuonjezera ukali.

2. Cenjerani ndi Ciwewe

Koma cifundo ciyenera kuyenda pamodzi ndi nzeru, pakuti garu amene simumdziwa akhoza kukhala ndi ciwewe. Ciwewe ndi nthenda ya ubongo. Kacirombo kace kakhala m'malobvu a nyama yodwala, ndipo kalowa mwa munthu garu akamluma, kapena akanyambita pa cironda. Kayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kufikira ku ubongo. Ulendo umenewu utenga miyezi 2 kapena 3, nthawi zina sabata imodzi yokha, nthawi zina caka cathunthu. Nthenda ikayamba kuoneka, palibe mankhwala oiciza, a kucipatala kapena a sing'anga. A bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la World Health Organization, awerenga kuti anthu ngati 59,000 afa ndi ciwewe caka ciri conse, ocuruka a iwo m'Africa ndi m'Asia. Ndipo mwa anthu 10 otere, 4 ndiwo ana osafika zaka 15, anzanu a msinkhu wanu.

Garu wa ciwewe mumzindikira motere. Makhalidwe ace asanduka: wofatsa alusa, ndi wolusa afatsa modabwitsa. Aluma mitengo, miyala ndi ciri conse akomana naco. Malobvu acuca kukamwa kwace. Mau ace asasa. Ayenda dzandidzandi monga woledzera. Wina saluma konse, koma nsagwada yace ilendewera, ndipo anthu ayesa kuti watsamwa ndi pfupa, napisa dzanja m'kamwa mwace kuti amthandize. Inu musacite cotero iai. Mukaona garu wotere, musamkhudze, musampitikitse. Cokanipo pang'onopang'ono, nimukauze akuru.

Ndipo garu ali yense akakulumani, cinkana bala likhale laling'ono ngati la munga, musabise poopa kukalipidwa. Tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri mphindi 15 zathunthu, ndi kumka kucipatala tsiku lomwelo, kwa Kabudula, ku St Gabriel ku Namitete, kapena cina ciri conse cakufupi, kuti akubayeni katemera, kapena akutumizeni kumene kuli katemerayo. Mukabayitse jekeseni zonse pa masiku amene akuuzani. Garu wolumayo, ngati adziwika, amangidwe ndi kuyang'aniridwa masiku 10. Koma inu musayembekeze kuti masikuwo athe musanamke kucipatala.

Katemera ameneyu anayamba ndi Louis Pasteur wa ku France. Pa 6 Julayi 1885 iye anayamba kubaya mnyamata wa zaka 9, dzina lace Joseph Meister, amene analumidwa koopsa ndi garu wa ciwewe. Mnyamatayo sanadwale, koma anakula nakhala munthu wamkuru. Pasteur anamwalira pa 28 Sepitembala 1895, ndipo pa tsiku limeneli caka ndi caka maiko akumbutsana za ciwewe.

3. Kulandira Mlendo

Tsopano mverani umo anacitira mnyamata wina wa ku Ciwamba. Pobwera kudimba madzulo, anapeza kagaru m'cigafa ca fodya. Kanali ndi mphere, ndipo kanalibe mphamvu ya kuuwa. Iye sanakanyamule, koma anathamangira kwao, nakhala pansi pamaso pa atate ace, nati, "Atate, ndapeza kagaru kucigafa, kali pafupi kufa. Kodi mundilola kuti ndikawete?" Atate ace anati, "Mwana wanga, walira mvula walira matope. Garu adya tsiku ndi tsiku, ndipo akagwira nkhuku ya eni, mlandu udzafika pakhomo pano. Kodi udzamtungira madzi ndiwe, cinkana tsiku limene watopa?" Mnyamatayo anabvomera.

Pamenepo atate ace anacita zinthu 3 zimene munthu ali yense ayenera kucita. Poyamba anamka okha kucigafa, nakapenyetsetsa kagaruko ali patali, ngati kali ndi zizindikiro za ciwewe. Ndipo posaziona, anakafunditsa ciguduli, nakanyamula osaika dzanja pafupi ndi kamwa. Kaciwiri anauza anyakwawa ndi anansi, kuti ngati alipo mwini wace adze kudzatenga; pakuti kusunga garu wa mwini mobisa ndiko kuba. Kacitatu anamka nako kwa mlangizi wa ziweto, amene anakabaya katemera wa ciwewe, napereka mankhwala a mphere ndi a njoka za m'mimba.

Garu abayidwa katemera wa ciwewe akafika miyezi 3, ndi kubwerezanso caka ndi caka. Koma kumbukani kuti katemera sacotsa nthenda imene idalowa kale m'thupi. Cifukwa cace garu wotola asayendeyende m'mudzi, asasewere ndi ana aang'ono masabata oyamba, ndipo eni ace akhale maso miyezi ingapo. Akasanduka makhalidwe, aitane mlangizi msanga.

Mwini wace sanaoneke, ndipo mnyamatayo anakacha kagaruko dzina lace Mlendo.

4. Cakudya ndi Pogona

Garu amene wakhala ndi njala nthawi yaitali musampatse cakudya cambiri nthawi imodzi, pakuti mimba yace yafooka, ndipo adzasanza. Yambani ndi phala pang'ono, katatu kapena kanai pa tsiku. Akalimba, mpatseni nsima ya madeya pamodzi ndi mitu ya usipa, matemba, kapena zotsala za nyama zophika. Nsima yokha simkwanira; garu afuna ndiwo monga inu. Mafupa a nkhuku ophika musampatse, cifukwa asweka ndi kumlasa m'mimba. Ndipo nyama ya ciweto cofa cokha ikwiriridwe, asaidye. Akhale ndi mbale yaceyace, kapena phale, ndi madzi abwino osatha, makamaka m'mwezi wa Okutobala pamene dzuwa liswa mtengo. Pamene alikudya, kapena ali mtulo, kapena alikuyamwitsa, msiyeni. Garu amene analimbirana cakudya padzala acedwa kuiwala.

Pogona pace pakhale pouma ndi pa mthunzi, pakhonde kapena pansi pa nkhokwe, ndi ciguduli coyala. Sesanipo tsiku ndi tsiku, pakuti iripo nchenche imene iikira mazira pa dothi la mkodzo, ndipo mphutsi zace zilowa m'khungu la garu. Ndowe zace zikwiriridwe kutali ndi citsime ndi posewera ana, ndipo mukatha kumgwira, sambani m'manja ndi sopo musanadye. Nkhupakupa ndi nthata zimmwa magazi. Mankhwala ace funsani kwa mlangizi wa ziweto. Musamdzoze oilo wakuda wa galimoto, kapena mankhwala opopera fodya ndi tomato, pakuti adzanyambita ndi kufa. Mukammanga, cingwe cikhale cacitali ndi cosathina pakhosi, waya amceka. Ndipo mmasuleni tsiku ndi tsiku kuti ayende nanu.

5. Kumphunzitsa

Nchito yobvuta koposa ndiyo kucotsa mantha. Masabata 2 oyamba Mlendo anabisala pansi pa nkhokwe, natuluka kudzadya pamene anthu acoka. Mnyamatayo anadandaula, nati, "Amai, garuyu sandikonda." Amace anati, "Kuona maso a nkhono nkudekha. Ika mbale, khala patali, usamyang'ane m'maso, ungomlankhula ndi mau ofatsa." Iye anatero masiku onse, nasendera pafupi pang'onopang'ono, ndipo tsiku lina Mlendo anadza yekha, nanunkhiza phazi lace, nagwedeza mcira.

Umo ndimo aphunzitsira garu. Mau akhale ocepa ndi osasinthasintha, monga "bwera", "khala", "leka". Akamvera, mpatseni kambamu ka nsima pomwepo, kuti adziwe cimene wacita bwino. Akathamangitsa nkhuku, nenani "leka" ndi mau amphamvu, ndi kumcotsapo. Yendani naye pa cingwe pakati pa nkhuku ndi mbuzi kufikira atazizolowera. Kumkwapula madzulo cifukwa ca dzira limene anadya m'mawa nkwacabe, pakuti iye sadziwa cimene mummenyera. Aphunzira kuopa dzanja lanu basi. Alipo anthu amene amana garu cakudya, kapena amdyetsa tsabola, kuti akhale waukali. Amenewa alakwa. Garu wotere aluma mwana wa pakhomo ndi mlendo wabwino, monga alumira mbala. Ndiponso lamulo la dziko lathu liletsa kuzunza nyama. Mlonda wabwino ndiye garu wokhuta, wodziwa anthu ace.

6. Amene Agwira Nchito Imeneyi

Mu 2008 munayamba bungwe mu mzinda wa Lilongwe lochedwa Lilongwe Society for the Protection and Care of Animals, mwacidule LSPCA. Nchito yace ndiyo kulandira agaru ndi amphaka otayidwa, kuwaciza, kuwabaya katemera, ndi kuwafunira mabanja oti awasunge. Ndiponso kumka m'midzi ndi m'masukulu kukaphunzitsa kasamalidwe ka nyama. Ku Blantyre, mu 2015, a bungwe la Mission Rabies anabaya katemera agaru oposa 35,000 m'masiku 20 a nchito. Akatswiri anapeza kuti agaru 7 mwa 10 akabayidwa caka ndi caka, ciwewe cisowa podzera, ndipo cicepa m'dera lonse. Cotero pobayitsa garu wanu muchinjiriza mudzi wonse, ndi ana a anzanu omwe. Mukamva kuti kwadza obaya agaru kusukulu kapena kudibi, kumbutsani makolo anu.

Ciriponso cina cimene madotolo a ziweto acita: afula garu wamwamuna, natseka wamkazi kuti asaswenso. Ampatsa mankhwala ogonetsa kuti asamve kuwawa, ndipo bala lipola m'masabata 2. Garu wotere aleka kuyenda mitunda kutsata akazi ndi kumenyana ndi anzace, koma kulonda salekai. Iyi ndiyo njira yoona yocepetsera agaru opanda mbuye, yoposa thumba ndi dambo.

7. Mlendo Akhala Mwini Mudzi

Itapita miyezi 6, mphere ya Mlendo inatha, ubweya unamera, ndipo anaperekeza mbuye wace kudimba m'mawa uli wonse. Usiku wina anauwa kolimba kukhola la mbuzi. Atate anatuluka ndi muuni, ndipo kutaca anaona mapazi a fisi kuseri kwa kholalo. Mbuzi zonse zinali momwemo. Pamenepo anati kwa mwana wao, "Madeya aja sanatayike."

Si yense angathe kuweta garu wotola. Ngati kwanu kulibe cakudya comkwanira, kapena makolo akana, msiyeni, nimuuze akuru kapena mlangizi wa ziweto. Pakuti kumtenga lero ndi kumtayanso mawa ndiko kumzunza kawiri. Koma ciripo cimene mwana ali yense angathe: kusaponya mwala, kusabisa bala, ndi kusamala garu amene ali kale pakhomo, kuti nayenso asadzapezeke padzala la kumsika.

Mafunso

1. Chulani njira 3 zimene garu asandukira wopanda mbuye.
2. Kodi garu wa ciwewe mumzindikira bwanji?
3. Garu akakulumani, mucite ciani poyamba, ndipo kwa mphindi zingati?
4. Atate a mnyamata uja anauziranji anyakwawa?
5. Kodi mwambi wakuti "walira mvula walira matope" utiphunzitsa ciani pa nkhani ya kuweta garu?